Mazabodi ya kwa Mjomba Swadick

"Uvale nsapato ubwerere kwa amjomba ako ukapepese," anatero Che Jaffalie asanatsike n'komwe panjinga. "Ndipo pobwera ubwere nayo bodiyo."

Zena anaika pansi kaburashi komwe amachotsera fumbi m'kesi ya kompyuta. Anaimirira pakhondepo n'kukonza mpango wake.

"Ababa, ine sindinawatukwane amjomba. Ndangowafunsa chifukwa chomwe bodi yatsopano ikununkhira utsi."

"Pamaso pa makasitomala! Amjomba akowo andipeza kudoko ndili pakati pomasula injini ya boti la eni ake, ali ndi mkwiyo. Asodzi onse amva kuti mwana wa Jaffalie wakula, wayamba kununkhiza katundu wa amjomba ake ngati usipa wa dzana."

Kwa miyezi isanu ndi itatu Zena ankasonkhanitsa zipangizo zoti amange kompyuta yakeyake yosewerera magemu. Ankagwira ntchito yotaipa ndi kufotokopa pafupi ndi msika wa paboma, ndipo mwezi ukatha ankagula kanthu kamodzi. Kesi anaipeza yakale, pawa sapulayi yogawa magetsi ndi ramu, timemori ta kompyuta, anachita kuitanitsa. Purosesa, yomwe inamuvuta kuposa zonse, ankaisunga m'sutikesi pansi pa zitenje. Chotsala chinali mazabodi, chithabwa chomwe zipangizo zonsezo zimakhazikikapo. Iye anali atasankha kale ina kushopu ya ku Limbe, koma mjomba wake Swadick, yemwe amagulitsa makompyuta ndi mafoni paboma pomwepo, atamva anati n'chipongwe kudumpha mbale wako n'kukagula kwa alendo.

"Swadick wagulitsa zinthu zimenezi zaka zingati kuno ku Mangochi?" anapitiriza Che Jaffalie. "Nanga iwe wayamba liti?"

"Kuyamba ndayamba posachedwa, ababa, koma maso ndili nawo. Pabokosi ajambulapo bodi ya malo anayi oikamo ramu, koma yam'katimo ili ndi malo awiri. Nambala ya pabokosi ndi ina, ya pabodi ndi inanso. M'mabowo omangira masikuluwu muli zokala, kusonyeza kuti inamangidwapo kale m'kompyuta ya munthu wina."

"Ndiye bwanji? Akukupatsa motsika mtengo. Zinthu zongosewerera zomwezi ufune zapamwamba?"

"Sindikufuna zapamwamba. Ya ku Limbeyo ndi yawamba, ilibe ngakhale timagetsi tokongoletsera. Koma bodi ikakhala yopsa, ndikaikapo purosesa yanga ikhoza kupsera limodzi. Ndiyambirenso pati ine?"

"Ukanakhala mtsikana wina bwenzi ukuganiza za mashini osokera."

"Munandilola nokha, ababa. Tsiku lomwe anandithamangitsa kuvidiyo kosewerera magemu kuja, kunena kuti mtsikana wa mpango asakhale pabenchi ya anyamata, munati ndimange kompyuta yanga ndizisewera pakhomo."

Che Jaffalie anatsamiritsa njinga kukhoma mwamphamvu mpaka belu linalira lokha. Anatembenukira kwa akazi awo, omwe anali pamkeka akusankha mpunga m'lichero.

"Abiti Sadik, mwana wanuyu mukumumva?"

Abiti Sadik sanadzutse mutu. Swadick anali mchimwene wawo wamkulu, mwini mbumba. Malo omwe panali nyumbayo ngakhalenso dimba la mpunga la ku Malindi zinali za kuchikazi, ndipo mawu omaliza pa zonsezo anali a iyeyo.

"Zena, tangopita ukapepese," anatero motsitsa mawu. "Mjomba sayankhidwa choncho."

Zena anapita. Anagwada pakhomo la shopu n'kupepesa, anthu ogula mayunitsi akumuyang'ana. Swadick anamusiya chigwadire kwa kanthawi akucheza pafoni, kenaka anamupatsa bokosi lija.

"Tenga. Zamtengo ndikamba ndi bambo ako, si nkhani ya ana. Ukalephera kumanga udzanene, ndidzabwera."

Bokosilo linakhala pamwamba pa kabati sabata yathunthu. Zena sanalitsegule. M'mawa uliwonse bambo ake ankaliyang'ana potuluka, ndipo moni wa mwana wawo ankangouyankha ndi mutu.

Tsiku lina akutsuka mbale kuseri, Zena anawafunsa mayi ake.

"Amayi, inu mukukhulupirira kuti bodi ija ndi yatsopano?"

"Ine za mabodi ndizidziwira kuti?"

"Nanga ketulo yamagetsi ija anakugulitsani chaka chatha? Inatha masiku angati?"

Abiti Sadik anatsukuluza poto kawiri ngakhale anali atayera kale.

"Ketulo ndi ketulo, mwana wanga. Mbale wako ukamuchititsa manyazi lero, mawa pamaliro ukhala ndi ndani? Ife tinakula choncho. Ukaona, umameza."

"Ndiye tizingomeza mpaka liti?"

Mayiwo ananyamula mbale n'kulowa nazo m'nyumba.

Lachiwiri la sabata yotsatira, kuntchito kwa Zena kunabwera mayi wina atasenza kompyuta yokulunga m'chitenje. Anali Mayi Lusiya, mphunzitsi wa ku Malindi yemwe ankabwera kawirikawiri kudzafotokopa mayeso a ana.

"Achemwali, anthu akuti inu mumadziwako za m'kati mwa zinthu izi," anatero akuitula patebulo. "Ndinaigula mwezi wathawu kuti ndizilembera ntchito za kusukulu. Yagwira masabata awiri basi, kenaka inangoti phwa, kautsi, zii. Ndabwerera komwe ndinagula, akuti ndaiotcha ndekha chifukwa azimayi sitidziwa kuzimitsa bwino kompyuta."

"Munagula kuti?"

"Kwa Che Swadick, kuseri kwa depoti."

Zena sananene kuti ndi mjomba wake. Anatenga sikuludiraiva, n'kutsegula kesiyo, ndipo fungo lomwe lija linamulandira. Anaunika ndi tochi ya foni. Pafupi ndi purosesa panali malo akuda onyezimira mosiyana ndi pena ponse. Atakanda ndi chikhadabo, utoto unasendeka, pansi pake n'kuoneka chipsera chakale chochita dzimbiri m'mbali.

"Mayi, simunaotche ndinu. Chipsera ichi n'chakale. Bodi iyi inapsapo, wina anailumikiza mwachinyengo kuti iyake masiku ochepa, n'kupakapo utoto."

"Ambuye wanga! Nanga chinacho, chomwe amati ndiye mutu wake?"

Zena anayesa purosesa ya mayiwo pa kompyuta ina yakale ya muofesimo. Sinayake. Bodi ija inali itapita nayo.

Mayi Lusiya anakhala pampando n'kugwira tsaya. Kenaka Zena anati, "Amene anakugulitsaniwo ndi amjomba anga. Mundibwereke bodi yanuyi mpaka Lachisanu."

Lachisanu anthu atatuluka mu mzikiti ku mapemphero a Juma, Swadick anafika ndi Che Jaffalie monga ankachitira kawirikawiri tsiku limeneli, onse atavala mikanjo yoyera. Abiti Sadik anayala mkeka watsopano pabalaza, nabweretsa tiyi ndi mandasi. Swadick anamwa kapu yoyamba akukamba za kukwera kwa mtengo wa petulo, kenaka analoza pamwamba pa kabati.

"Alamu, ndikuona katundu wanga akudya fumbi. Mwanayu zamukanika. Zena, bweretsa zipangizo zako zonse, ndikumangire pompano uone momwe amuna amachitira."

Zena anatsitsa bokosi lija n'kuliika pamkeka. Analowa kuchipinda, koma m'malo mwa purosesa anatuluka ndi bodi ya Mayi Lusiya. Anagwada chapatali.

"Amjomba, ndisanabweretse purosesa ndili ndi pempho."

"Nena."

"Kompyuta yomwe mumagwiritsa ntchito kushopu ili ndi purosesa ya mtundu umodzi ndi yanga, soketi yake, pomwe imakhala pabodi, ndi yomweyi. Tiyeni tiyambe taika yanuyo pa bodi iyi. Ikayaka n'kugwira ntchito tsiku limodzi, ndiika yanga, ndipo ndidzapepesanso kushopu kwanu anthu onse akuona."

Swadick anaseka, n'kuyang'ana mlamu wake.

"Mukumva? Ndimasule kompyuta ya bizinesi chifukwa cha masewera a mwana?"

"Kumasula purosesa ndi mphindi zisanu, amjomba. Ndikamasula ndine, n'kubwezeranso."

"Yanga ija siikhudzidwa."

"Zena, khala chete," anatero Che Jaffalie. Koma sanamuyang'ane mwana wawoyo. Maso awo anali pa mlamu wawo. "Alamu, mwanayu walankhula mopanda ulemu, koma pempho lakelo ine sindikuliona kuvuta. Munthu akandigulitsa kabuleta ya injini n'kunena kuti ndi yatsopano, sakana kuti tiiyese pa boti lake. Bwanji tingoyesa, nkhani ithe?"

"Ndati siikhudzidwa! Mukundiyesa wakuba?"

"Palibe watero."

Zena anakankhira bodi ya Mayi Lusiya pakati pa mkeka.

"Iyi inachokera kushopu kwanu mwezi wathawu. Anagula ndi aphunzitsi a ku Malindi. Yawaotchera purosesa. Ababa, taonani apa pomwe ndakandapa."

Che Jaffalie anaitenga, n'kuitembenuzira kuwala kwa pawindo. Anainunkhiza. Kenaka anatsegula bokosi la Swadick, natulutsa bodi inayo, n'kupisa m'thumba la mkanjo momwe simunkasowa kasikuludiraiva ngakhale tsiku la Juma.

"Alamu, musamasule zimenezo, muononga katundu!" anatero Swadick akudzuka.

"Ndamasula mainjini zaka makumi atatu. Tisikuluwu tiwiri sitindivuta."

Anachotsa kachitsulo koziziritsira komwe kanali pafupi ndi soketi. Pansi pake panali pakuda bii, tizipangizo tiwiri titatupa, kena katasweka pakati. Anapukuta ndi chala, utoto n'kutsalira pachalapo. Che Jaffalie anaika mabodi awiri aja pamodzi, n'kupukuta chala chawo pa kansalu mosafulumira.

"Injini yomwe inamirapo m'nyanja ndimaidziwa ngakhale aipake penti katatu," anatero. "Alamu, mwana wa mchemwali wanu?"

Swadick anatembenukira kwa mchemwali wake.

"Amida, uli chete? Mwamuna wako ndi mwana wako akundivula pabalaza pano, m'nyumba yomwe ili pamalo a mayi athu. Ukumbukire amene anakupatsa malo ano. Ukumbukirenso dimba la ku Malindi."

Abiti Sadik anali atakhala pafupi ndi chitseko, thireyi ili pamiyendo. Anaiika pansi. Poyamba mawu anatuluka ang'onoang'ono.

"Achimwene, ine ndinamutuma mwanayu kuti akagwade kushopu kwanu. Anagwada pafumbi anthu akumuona, chonsecho akunena zoona. Ine mayi wake ndinadziwa mumtima kuti akunena zoona, koma ndinamutuma." Anapuma, n'kukweza mawu. "Malo ano ndi a mayi athu, inde. Mayi athuwo ankagulitsa chambo padoko, ndipo nsomba ikagona ankamuuza wogula kuti iyi yagona. Dimba mukafuna tengani. Koma katundu wanuyu nyamulani, ndipo aphunzitsi a ku Malindiwo mukawaone."

Swadick anatola kofia yake n'kutuluka osatsanzika, mabodi onse awiri n'kuwasiya pamkeka. Abiti Sadik anatola makapu, ndipo ali kukhitchini Zena anawamva akulira motsitsa. Anafuna kuwatsatira, koma bambo ake anamukodola.

"Asiye kaye. Khala apa." Anayang'ana pansi. "Ndinakugwaditsa pachabe, mwana wanga. Tandionetsa ya ku Limbeyo."

Zena anatsegula foni n'kuwaonetsa zithunzi za mabodi atatu omwe ankawayerekeza.

"Iyi yokongolayi bwanji?" anafunsa bambowo. "Ikuoneka yamphamvu."

"Soketi yake ndi ya mtundu wina, purosesa yanga singakhalepo. Ndiponso ndi yaikulu, m'kesi yanga siingalowe."

"Ngati pulopela ya injini ina. Chabwino. Nanga yotchipitsitsayi?"

"Imeneyo ikhoza kugwira, koma ili ndi malo awiri okha a ramu. Chaka chamawa ndikafuna kuwonjezera ndidzasowa poika. Yapakatiyi ili ndi malo anayi, ili ndi poika kadisiki kothamanga kaja, komanso ili ndi khomo la HDMI. Purosesa yanga imatulutsa yokha zithunzi, ndiye ndingolumikiza ku TV yathuyi, khadi la magemu ndidzagula m'tsogolo zikadzayenda."

"Wawafunsa ngati ikugwirizana ndi purosesa yakoyo osafuna kukonza kalikonse?"

"Ndawafunsa kawiri. Anditumizira chithunzi cha sitika ya pabokosi, ndipo akupereka pepala la waranti ya chaka."

"Auze alembe nambala ya bodiyo papepalapo, osati dzina lokha. Ndipo bokosi libwere losatsegula."

Zena anawayang'ana bambo ake, n'kumwetulira koyamba m'masabata awiri.

Bodiyo inafika Lachinayi pa minibasi yochokera ku Limbe. Che Jaffalie anakailandira okha kudepoti, n'kuyerekeza nambala ya pabokosi ndi ya papepala kondakitala asanachoke. Loweruka masana anatseka msanga kudoko. Zena anayala nyuzipepala patebulo, nasamba m'manja, n'kukhazika purosesa pa soketi. Inalowa yokha popanda kukankha. Bambo ake ankamupatsira masikuluwu limodzilimodzi, ndipo atafuna kumangitsa lina mwamphamvu, Zena anawagwira dzanja.

"Pang'onopang'ono, ababa. Si boti."

Atamaliza analumikiza ku TV n'kudina batani. Mafani anazungulira, koma TV inangokhala yakuda. Anadikira. Palibe chinaoneka.

"Bisimillahi," ananong'ona Abiti Sadik ali chiimire pakhomo. "Nayonso ndi yakufa?"

"Osathamanga," anatero Che Jaffalie. "Injini ikakana, umayamba kuona zomwe wamanga wekha. Zimitsa, uyambe kumayambiriro."

Zena anazimitsa, n'kuyamba kugwira chipangizo chilichonse. Ramu imodzi inali isanalowe bwino mbali imodzi. Anaidina mpaka inalira kuti tha. Atayatsanso, TV inaphethira, zilembo zoyera n'kuoneka. Abiti Sadik analulutira mpaka nkhuku za panja zinabalalika.

Pofika Lamulungu madzulo pabalazapo panali atsikana anayi a m'mudzimo, akulandirana masewera a mpira ndi a mpikisano wa magalimoto, kukuwa ngati ali kubwalo. Che Jaffalie anayesako kamodzi, galimoto yawo n'kugwera m'phompho pakona yoyamba, ndipo anati chiwongolero chake n'chopanda nzeru.

Kwa Swadick kunali zii. Pamsika akakumana ndi mchemwali wake ankayang'ana kumbali. Ku chinkhoswe cha mwana wa msuweni wawo, Abiti Sadik sanaitanidwe kukaphika, ndipo tsiku limenelo anakhala m'nyumba osalankhula ndi munthu. Za dimba sanamve kanthu. Koma nkhani ya mabodi opaka utoto inali itayenda, poti Mayi Lusiya sanaibise kusukulu ngakhale kutchalitchi, ndipo pashopu ya kuseri kwa depoti anthu ankangogula mayunitsi n'kumapita.

Patatha masabata atatu, m'mawa wa Loweruka, kabaza anaima pageti. Swadick anatsika atanyamula katoni yaikulu. Anapereka salamu, Che Jaffalie n'kuyankha. Abiti Sadik anatulutsa mpando, koma iye sanakhale. Anaika katoniyo pakhonde patsogolo pa Zena.

"Izi ndinagula mulu kwa munthu wochokera ku Joni," anatero akuyang'ana kukhoma. "Zina ndinkadziwa, zina sindidziwa. Uzione. Undipatulire zamoyo ndi zakufa. Ikapezeka yabwino, imodzi umangire aphunzitsi aja, purosesa ndabweretsa ya kushopu."

Zena anatsegula katoniyo. Munali mabodi ambiri osanjikizana, ena okulunga m'mapepala, ena osakulunga.

"Ndiziona, amjomba. Koma zakufazo sizibwereranso kushopu. Ndiziswa pompano."

Swadick anamuyang'ana. Anayang'ananso katoni ija, kenaka mchemwali wake, yemwe sanagwetse nkhope.

"Zina mwa izo zikhoza kuyaka mwezi wathunthu," anatero motsitsa.

"N'chifukwa chake ndikufuna kuziswa."

Kabaza anali akudikirabe pageti. Swadick anamukodola kuti azipita. Anakoka mpando uja n'kukhala, navula kofia n'kuiika pabondo.

"Alamu," anatero, "hamala muli nayo pafupi?"